Alendo Awiri ku Lilongwe

Pali funso limodzi limene Amalawi timafunsana tikangokumana, tisanadziwane n'komwe maina: "Kwanu n'kuti?" Munthu akhoza kukhala m'tauni zaka 40, kukwatira momwemo, kubereka ana ndi kulandira zidzukulu momwemo, koma ukam'funsa funsoli amatchula boma, mfumu yaikulu ndi mudzi kumene mchombo wake unagwera. Tauni timaiyesa kuntchito chabe, malo oti munthu adikireko mwezi kuti uthe. Ine ndimaona ngati mwa matauni athu onse, Lilongwe ndiye amene timam'kana koposa, pakuti ndi mzinda wa dzulodzuloli. Pa kalembera wa 1966 munali anthu osakwana 20,000, koma pa kalembera wa 2018 anapezeka ali pafupifupi 990,000. Tsono chinamtindi chonsechi chinachokera kwina, ndipo ambiri mwa iwo amati tsiku lina adzabwerera komwe anachokerako.

Mmodzi mwa anthu amenewa ndi mnzanga amene ndinakula naye ku Ntchisi. Tinaweta mbuzi limodzi, tinabera limodzi mango a eni ake, ndipo tinaphunzira m'kalasi imodzi kuyambira Sitandade 1 mpaka 8. Anatilekanitsa ndi mayeso a 1978. Masiku amenewo malo a ku sekondale anali ochepa zedi, kotero kuti pasukulu yonse pankatuluka maina awiri kapena atatu okha. Langa linatuluka, lake silinatuluke, chikhalirecho pa masamu ankandisiya kutali. Ine ndinapitirira ndi sukulu mpaka ndinakafika ku Zomba, kumene ndakhala ndikuphunzitsa zaka zonsezi. Iye anakwera lole ya fodya mu 1983 napita ku Lilongwe. Anayamba ndi maganyu osema maudzu ndi kuthirira maluwa kunyumba za mabwana, ndipo patapita zaka zisanu anapeza ntchito ya umesenjala mu ofesi ina ku Capital Hill. Tinkalemberana makalata, kenaka tinkaimbirana foni, koma kuonana maso ndi maso kunali kwa pamaliro basi.

Mu Ogasiti 2023 anandiimbira usiku. Anati wakwanitsa zaka 60, akupuma pantchito, ndipo mvula isanagwe akhala atabwerera kumudzi. "Tsono iwe," anatero, "bwera Lachisanu udzandionetse Lilongwe ndisanachoke." Ndinaseka poganiza kuti akuchita nthabwala, pakuti ndani angaonetse munthu nyumba yake yomwe? Koma iye sanaseke. Anati Lilongwe amene akum'dziwa ndi wa pawindo la minibasi ndi wa m'makolido a maofesi, ndipo malo amene alendo amadzera kutali kudzaona sanalowemo chiyambire.

Ulendo wochoka ku Zomba ndi wa makilomita pafupifupi 300. Umawoloka Shire pa Liwonde, n'kukwera mpaka ku Ntcheu, n'kudutsa pa Lizulu pamene msewu womwewo ndiwo malire, mbatata za kachewere mbali ino zili m'Malawi, kabichi mbali inayo ali ku Mozambique. Ukapitirira Dedza dziko limayamba kutambasuka, mapiri n'kumangoima limodzilimodzi ngati zulu. Munthu wozolowera Zomba, kumene phiri limakuyang'anira uli m'nyumba, akafika m'chigwa cha Lilongwe amamva ngati am'vula chipewa.

Ndinam'peza akundidikira padepoti, imvi zili mbuu, atavala jekete imene ndinaidziwa kuti ndi ya kutchalitchi. Anandilanda chikwama ngati ndine bwana wake, ndipo tinalimbirana mpaka tinagwirizana kuti aliyense agwire chogwirira chimodzi. Kunyumba kwake ku Kawale, nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, alamu anali atapha kale nkhuku. Pamaso pa akazi ake ankanditchula kuti "achimwene" ndi kumati "inu", koma alamu akangotuluka kukaona moto, "iwe" wa kubusa uja ankabwerera. M'ngodya munali makatoni atatu omanga ndi linya, matumba a zovala, ndi malata asanu ndi limodzi atsopano ataimikidwa kuseri kwa chitseko. Anandiuza kuti malatawo ndi otsiriza pa nyumba imene wakhala akumanga kumudzi kwa zaka 11, njerwa pang'ono chaka chino, zitseko chaka chamawa. Ku Lilongwe analibe ngakhale kachigawo ka poloti. Anati nthawi imene mapoloti anali otsika mtengo ndalama zinkapita kufizi ya ana, ndipo pamene ana anamaliza, mitengo inali itathawa.

Loweruka tinalawira ku Old Town, kumene mnzangayo ndiye anali mphunzitsi, ine mwana wa sukulu. Lilongwe wakaleyu anayamba ngati kaboma ka atsamunda m'mphepete mwa mtsinje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anakula chifukwa cha fodya ndi masitolo a amwenye. Mpaka lero moyo wa mzindawu uli kumeneku: mzikiti, msika waukulu, makondakitala oitanira, akabaza, fungo la kanyenya ndi la utaka, wailesi khumi zikulira nyimbo khumi. Anandilongosolera za manambala a madera amene amasokoneza mlendo aliyense. Manambalawo satsata kuyandikana kwa malo, kotero kuti Area 24 ili kummwera pamene Area 25 ili kutali kumpoto, cha ku Kanengo. "Uyu ndi mzinda wa mesenjala," anatero monyadira. "Bwana akangotaya dalaivala wake, watayika."

Kumsika wa Tsoka tinawoloka mtsinje wa Lilongwe pa umodzi mwa maulalo a mitengo amene anyamata anakhoma okha, ndipo amalipiritsa aliyense wodutsapo. Ulalowo umanjenjemera, pansi madzi ali bii, odzaza mapepala a pulasitiki, ngakhale kuti mtsinje womwewo umachokera ku nkhalango ya Dzalanyama ndipo ndiwo umamwetsa mzinda wonse kudzera m'madamu a ku Malingunde. Kutsidyako, pakati pa milu ya kaunjika, tinapeza mwana wake wamkazi wachisamba ali pabenchi yake, akugulitsa madiresi ndi majuzi. Anandigwadira pang'ono, natigulira thobwa. Nditam'funsa ngati naye wamanga katundu, anayang'ana bambo ake kaye, kenaka anati, "Ankolo, ine ndinabadwira pa Bottom pompa. Ku Ntchisi ndinapitako kanayi, konseko kumaliro. Ndikapita ndizikagulitsa kwa yani?" Bambo ake anangoyang'ana kumbali namwa thobwa lawo. Apo ndinadziwa kuti m'nyumba muja muli nkhani imene sinathe.

Kuchoka ku Old Town kupita ku City Centre pali nkhalango imene okonza mzindawu anaisiya dala m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi. Tsiku limenelo msewu wa Kenyatta unali fumbi lokhalokha chifukwa ankaukulitsa, ndipo mitengo yambiri ya m'mbali mwake inali itadulidwa kale mu 2021. Tinatsika pa Lilongwe Wildlife Centre, malo osungirako nyama zimene zapulumutsidwa kwa ozembetsa ndi kumisampha. Mnzangayo anali atadutsa pageti limeneli m'mawa ndi madzulo kwa zaka zambirimbiri. Titalipira n'kulowa, mnyamata wotiperekeza anatiimika pa mpanda wa anyani nayamba kutifotokozera mbiri ya nyani aliyense. Mnzangayo anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenaka anandinong'oneza, "Ndalipira ndalama kuti ndione adani anga. Mwezi wa Malichi ndikhala ndikugenda abale awo m'munda." Tinaseka mpaka misozi. Komabe titayenda m'tinjira ta m'nkhalangomo, phokoso la magalimoto litazilala, anakhala chete nthawi yaitali, ndipo pambuyo pake anati sankadziwa kuti pakati pa Lilongwe pali malo pamene munthu angamve mbalame.

City Centre Loweruka masana imakhala ngati mudzi umene anthu ake apita kudambwe. Nyumba zitalizitali zili phee, alonda okha akuwodzera pamipando. Uyu ndiye Lilongwe wa pa pulani. Boma linalengeza mu 1965 kuti likulu lichoka ku Zomba, ndipo mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzinda watsopano. Angerezi atakana kupereka ndalama, ngongole yoyambira ntchitoyo inachokera ku boma la azungu la South Africa, pa nthawi imene maiko ena a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho. Mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Zifukwa zimene zinkanenedwa zinali zomveka: Zomba ndi wopanikizika patsinde pa phiri, ali kummwera, ndipo chitukuko chinayenera kukokedwera pakati ndi kumpoto. Koma pulaniyo inatenganso kanthu kwa amene anathandiza kuijambula. Inaika olemera kwaokha pa mapoloti aakuluakulu, antchito kwaokha m'tinyumba tothithikana, mafakitale kutali ku Kanengo, pakati ponsepo tchire ndi misewu yaitali. Ndi mzinda umene unamangidwira munthu wa galimoto, pamene eni ake ambiri ndi a pansi. Mnzangayo anawerengetsera pamtima, monga ankachitira kusukulu, nandiuza kuti pa malipiro ake a mwezi, gawo limene linkathera m'minibasi likanakwana kumaliza nyumba ya kumudzi ija kalekale.

Kumanda a Kamuzu ndiko tinakhalitsa. Dr. Banda anamwalira mu Novembala 1997 kuchipatala ku Johannesburg, ndipo chinyumba cha pamanda akewa chinatsegulidwa mu 2006. Chili ndi nsanamira zinayi zokumbutsa ngodya zinayi zimene ife a msinkhu wathu tinaziloweza tisanadziwe n'komwe kuchulukitsa: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mnzangayo anavula chipewa tikali pamasitepe. Anaima nthawi yaitali pamaso pa chithunzi chachikulu chija, manja ali kumbuyo.

"Pakanapanda munthu uyu," anatero, "pano pakanakhala tchire, ine ndikanafera pa esiteti ya fodya."

Ndinam'kumbutsa za makadi a chipani amene tinkagulitsidwa mokakamiza pakhomo la msika, za anthu amene anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, ndi za nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, chaka chomwe iye anafika mumzindawu. Sanatsutse. Anati zonsezo akuzidziwa kuposa ine, pakuti mesenjala amanyamula makalata amene sawerenga koma nkhope za owalandira amaziona. "Koma iwe unapita kusukulu," anatero, "ndiye ukhoza kusankha choti uzikumbukira. Ine chimene ndinapeza ndi yunifomu ya khaki, ndipo ndi imene yaphunzitsa ana anayi." Sindinam'yankhe, iyenso sanayembekezere yankho. Tinakhala pakhoma lalifupi kunjako tikudya nthochi, aliyense ndi maganizo ake. Kenaka iye anaseka yekha nati, "Taona, mwini wakeyu kwawo ndi ku Kasungu, koma am'goneka kuno. Bingu anakagona kwawo ku Thyolo. Ngakhale akuluakulu sanagwirizane kuti munthu azigona kuti."

Pafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China ndipo inatsegulidwa mu 2010. Nayo ili ndi mbiri ya kusamukasamuka ngati munthu wa lendi. Likulu litapita ku Lilongwe, aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994, kenaka anakhala m'nyumba ya boma yatsopano ya ku Lilongwe, ndipo atachotsedwamo anayembekeza zaka zingapo asanalandire yawoyawo. Tinaima kunja kwa mpanda, ndipo mnyamata wina wojambula anatitola chithunzi chotsuka pomwepo. Mnzangayo anakana kuti ndilipire. Chiyambire m'mawa tinkalimbirana pa chilichonse, minibasi, thobwa, tikiti ya anyani, pakuti iye ankati ndine mlendo wake, ine ndinkati ndine wom'perekeza. Pa chithunzicho anaumirira ndithu, nalipira makope awiri.

Ku Capital Hill sanafune kuti tiyandikire. Analoza ndi mlomo windo lina la pansanjika yachiwiri nati pamenepo ndi pamene wakhala akuwiritsa tiyi zaka 35. Anawerenga pa zala mabwana amene anawatumikira, nafika pa 14. Ena anali abwino, ena ankam'tchula kuti "iwe" iye ali ndi imvi. Anati wawaona akubwera ndi chikwama chimodzi n'kuchoka ndi nyumba ku Area 10 ndi ku Area 43, ndipo analankhula zimenezi mopanda kuwawidwa, ngati munthu wonena za nyengo.

Dzuwa litapendeka tinafika pachipilala chokumbukira asilikali amene anafera pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse, cha ku Area 18. Patsogolo pake pali chiboliboli cha Kamuzu atavala suti, litchowa lili m'manja. Kwathu ku Zomba kulinso chipilala cha asilikali a King's African Rifles, koma ichi ndi chachitali ndipo munthu amatha kukwera m'kati mwake. Mawondo a zaka 60 sakonda masitepe. Tinkakwera pang'ono n'kupuma, wina akunamizira kuti akudikira mnzake. Titafika pamwamba mphepo inali kuwomba, ndipo mzinda wonse unali pansi pathu: maofesi oyera a Capital Hill, bwalo la masewero la Bingu limene linatsegulidwa mu 2017, nkhokwe zazikulu za chimanga ku Kanengo, ndi phiri la Bunda likuoneka mwa chizimezime muutsi wa mwezi wa Ogasiti. Kumadera a mabwana nyumba zinabisika m'mitengo. Kumene kumakhala anthu ambiri kunkangong'anima malata, opanda mthunzi.

Mnzangayo anayenda kuzungulira mbali zonse zinayi akuloza. Uko ku Mtandire ndiko anagona chaka choyamba, anthu asanu m'chipinda chimodzi. Uko ku Area 25 ndiko anakwatirira. Uko ku Chilinde ndiko landilodi anawatulutsa mvula ikugwa. Uko kumanda a ku Kawale ndiko kuli mwana wawo wachiwiri, amene anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi itatu pa nthawi imene kunalibe ndalama yonyamulira maliro kupita kumudzi. Za mwanayu anali asanandiuzepo. Anati akazi ake amapita kukalambula pamandapo chaka ndi chaka, ndipo chimene chikuwasowetsa tulo pa ulendo wa ku Ntchisiwu ndi choti adzalambula ndani.

"Ndakhala ndikuuza anthu kuti kuno ndinangobwera kudzagwira ntchito," anatero. "Koma taona, paliponse ndalozapo pali kanthu kanga."

Akuluakulu amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo mwambiwu tonse timaukhulupirira. Koma unapekedwa pa nthawi imene munthu ankapita ku Joni kapena ku Halale zaka ziwiri n'kubwerera ndi njinga ndi bulangete. Sunawerengere munthu amene wasiya zaka 40, manda a mwana ndi zidzukulu m'thengomo. Inenso funsoli silinandisiye padera. Zomba ndakhalamo zaka zochuluka kuposa zimene ndinakhala ku Ntchisi, ana anga amalankhula Chinyanja cha kummwera, komabe pa fomu iliyonse ya boma ndimalemba mudzi umene ana ake sandidziwa.

Lamulungu titachoka kutchalitchi, banja lonse linasonkhana pa nsima. Mpingo unali utam'tsanzika mnzangayo ndi mphatso ya khasu ndi ndowa, ndipo anthu anaseka kwambiri pamene ankazilandira. Titasamba m'manja, mwana wamkazi uja anayambitsa nkhaniyo yekha, maso ali pansi koma mawu osanjenjemera. Anati iye ndi ana ake awiri atsala, atenga chipinda chimodzi mwa ziwirizo, ndipo wagwirizana kale ndi landilodi. Anati manda a mng'ono wake azikalambula ndi iye. Anati pa tchuthi azitumiza ana kwa agogo awo kuti akadziwe kugwira khasu, koma sukulu aziphunzira kuno. Alamu anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Mnzangayo anakhala chete, kenaka anatembenukira kwa ine ngati kuti ine ndine nkhoswe.

"Achimwene, mwamva?"

Ndinati ndamva, ndipo ndinawonjeza kuti mwanayo walankhula ngati munthu wamkulu. Iye anagwedeza mutu nati, "Chabwino. Ndiye kuti ndikadzabwera kudzatsata za penshoni ndili ndi pofikira." Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo anatuma mdzukulu kukagula Fanta.

Anasamuka kumayambiriro kwa Okutobala pa lole ya munthu wina wa kwathu amene anabwera ndi soya. Mu Disembala anandiimbira kundiuza kuti chimanga chamera bwino, msana ukuwawa, ndipo anthu a m'mudzi akum'tchula kuti "a ku Lilongwe". Chithunzi cha pa Nyumba ya Malamulo chija anachiika m'felemu nachipachika pabalaza. Anati aliyense wolowa m'nyumbamo amafunsa ngati ankagwira ntchito m'menemo, ndipo iye amawayankha kuti ayi, tsiku limenelo anangopita kukaona malo ndi mnzake.